Mtsuko Umene Unavala Nsalu ya Maliro

Mmawa wotsatira mwambo wowokera mpunga, chimkuzamawu cha pamtengo wamagetsi pafupi ndi kwathu chinathokoza onse amene anathandiza. Chinatchula oimba ng'oma, mwini wa njati yolimira, ngakhalenso bambo amene anabwereketsa mipando ya pulasitiki. Dzina la azakhali anga a Luu silinamveke. Ndinadikira mpaka nyimbo yotsekera, koma zii. Tsopano papita miyezi, mpunga unakololedwa kale, koma nkhaniyi ikundidyabe mumtima. Sukulu ndinasiya chaka chatha, ndipo masiku ano ndimakhala pa benchi ya mayi anga m'mbali mwa msewu kugulitsa tiyi, koma cholembera ndimatha kugwira. Ndiye ndati ndilembe ndekha. Zambiri zili panozi ndinaziona ndi maso angawa, chifukwa benchi yathuyo yayang'anizana ndi munda wa kukachisi, pakati pali msewu wokha.

A Luu ndi alongo awo aakulu a bambo anga. Ali ndi zaka 68. Ndi afupi, msana unapindika ngati chikwakwa, ndipo zala zakumapazi zinatambasuka ngati za bakha chifukwa choponda matope moyo wonse. Mawu okha ndiwo sanakalambe. Akakuitana ali kutsidya la msewu, ngakhale lole ya simenti ikudutsa, umamva.

Kuno mwana asanadziwe kuwerenga amakhala atadziwa kale za mafumu akale a dziko lathu otchedwa Hung, khumi ndi asanu ndi atatu aja, makolo a tonsefe, amene phiri lawo timaliona tikakwera padenga kukayanika zovala. Amadziwa nthano ya mazira zana amene munatuluka makolo athu, za ana makumi asanu amene anatsikira kunyanja ndi makumi asanu amene anakwera kumapiri. Mudzi wathu uli ndi nkhani yakeyake. Akuti imodzi mwa mafumuwo, ikusaka m'mbali mwa mtsinje wathuwu, inaona mbalame zikudya timbewu ta udzu wa m'dambo, ndipo inaphunzitsa anthu kuunda migula yotchinga madzi, kufesa, kuzula mbande ndi kuwokera. N'chifukwa chake chaka chilichonse, tsiku loyamba la mwezi wachisanu ndi chimodzi powerenga miyezi yachikale, bambo mmodzi wa m'mudzi amavala mkanjo wa mfumu n'kuyamba kutsikira m'matope, ena onse pambuyo pake. Posankha bamboyo amaona kuti mkazi wake ali moyo, ali ndi mwana wamwamuna ndi wamkazi, ndipo m'nyumba mwake mulibe maliro. Zoti amadziwa kulima safunsa.

Azakhali nkhaniyi amaikhulupirira, koma mwa njira yawo. "Mfumu inaona mbalame, inde," amatero. "Koma kuwokera inaonera mayi wina amene anali kale m'matopemo. Inangoima naye pafupi, ofotokoza nkhani n'kufika." Akatero amapita kukayatsa zofukiza kukachisi ngati wina aliyense, ndipo amagwada nthawi yaitali kuposa onse.

Ali ndi ufulu wolankhula choncho, chifukwa kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi mfumu iliyonse ya m'mudzi mwathu anaiphunzitsa kuwokera ndi iwowo, ndipo mbande zimene mfumuyo imagwira ndi zawo. Ndi mpunga womata wachikale, wotalika kufika pachifuwa cha munthu, wa ndevu zofiirira, wobereka pang'ono, wosachedwa kugwa mphepo ikawomba. Koma ukakhala pamoto, anthu a nyumba yachitatu amasuzumira pawindo. Apongozi awo anawapatsa m'kathumba ka nsalu tsiku la ukwati, n'kuwauza kuti mbewuyi inachokera m'manja mwa mafumu. A Phiet, mphunzitsi wopuma pantchito amene amatsogolera komiti ya kukachisi, amati palibe angatsimikize zimenezo. Azakhali amati palibenso angatsutse.

Nthawi imene boma linkatilimitsa minda ya gulu, anthu atauzidwa kuti onse abzale mpunga watsopano waufupi, azakhali anabisa kathumba kaja mu pilo, n'kumabzala kachigawo kakang'ono kuseri kwa manda. Anthu anawaseka. Woseka kwambiri anali mayi wina woyandikana nawo, a Mao, amene ankati, "Luu akulimira mbalame." Njala itatha, anthu atayamba kufuna chakudya chonunkhira osati chongodzaza mimba, omwewo anabwera ndi timbale kudzapempha mbewu. Azakhali sanapatse aliyense ngakhale kambewu kamodzi. A Mao anabwera kawiri, ndipo anamwalira kambale kawo kali kopanda kanthu. Pamenepa sindikuwaikira kumbuyo azakhali, ndikungonena mmene zinalili.

Kenako minda inagulidwa. Pamene panali munda wa azakhali pali fakitale yosoka malaya, ndipo anzanga ambiri a kusukulu ali momwemo. M'mudzi monse munatsala kamunda kamodzi, ka kukachisi, koti munthu akhoza kukazungulira tiyi asanazizire. Azakhali ndi komiti anagwirizana chonchi: azakhali azibzala mbewu yawo mmenemo, zokolola azipangira mikate ya ngodya zinayi yokapereka kwa mafumu kuphiri, ndipo iwo azisunga mtsuko umodzi wa mbewu. Ndiye kuti padziko lonse mpunga umenewu unali ndi munda umodzi ndi mtsuko umodzi.

Mtsukowo unali ntchito ya amuna awo, a Khoat. Anali munthu wa phee, woti mukhoza kuswera naye osamva mawu khumi. Pokolola ankayenda m'munda ndi kampeni kusankha ngala imodziimodzi, n'kuzipachika kukhitchini kuti zimwe utsi, kenako kupuntha ndi manja, kuthira mumtsuko, phulusa pamwamba, masamba ouma a nthochi kukamwa. Chaka chino anakwera nafe phiri pa tsiku la mafumu, lakhumi la mwezi wachitatu, atasenza mikate. Patapita masiku awiri anakhala pampando pakhomo kuti amange nsapato, osadzukanso.

Kwathu kuno munthu akamwalira, abale amamanga nsalu yoyera kumutu, ndipo mitengo imene malemuyo anabzala imamangidwanso kansalu koyera, kuti nayo ilire poyera, ingaume ndi chisoni chobisa. Tinamanga mtengo wa manyumwa, tinamanga nthochi za kuseri kwa nyumba. Azakhali anang'amba kansalu kena, n'kulowa nako kukhitchini, n'kumanga pakhosi pa mtsuko. Palibe anawaletsa. Mtsukowo unkadziwa manja a malemu kuposa mitengo yonse.

A Phiet, amene ndi msuweni wa malemu, anakaona kansaluko polowa kukapala moto. Patapita sabata ziwiri anawapeza azakhali pa benchi yathu, pamene anayamba kumakhala masana onse chifukwa kunyumba kunali zii kwambiri.

"Alamu, mukudziwa chimene ndabwerera," anatero atavula chipewa.

"Ndikudziwa, aphunzitsi. Mwabwera kudzandiuza kuti ndine wodetsedwa."

"Sindinatero. Mwambo ndi umene ukuti wa pa maliro asaponde munda wa mafumu, asagwire mbande, asalowe mkati mwa mbendera zozungulira munda. Sindinaulembe ine."

"Ndiziima pamgula, ndizilozera ndi ndodo."

"Mgula ndi munda womwewo. Komanso mtsuko uja, alamu. Ndinaona. Munauveka nsalu."

"Unali wake."

"N'zoona. Koma ndiye kuti nawo uli pa maliro. Komiti yati tigule mbande za m'mathireyi ku sitolo ya zaulimi."

Azakhali anaika kapu pansi. "Mkazi amalira mwamuna miyezi ingati, aphunzitsi? Odziwa kuwerenga ndinu."

"Makumi awiri ndi isanu ndi iwiri."

"Ndiye kuwokera katatu ine ndili pamsewu. Mbewu ya mpunga ikadumpha chaka chimodzi, theka limafa. Ikadumpha ziwiri, mukadyetse nkhuku. Mwaika Khoat, tsopano mukufuna muike ndi mtsuko."

A Phiet anapukuta magalasi awo nthawi yaitali. Kenako anavala chipewa n'kumapita osamaliza tiyi.

Kunyumba aliyense anali ndi nzeru zake. Mayi anga anati abzale m'mabeseni pakhomo. Azakhali anati mpunga wofika pachifuwa si anyezi, ndipo mpheta za mudzi wonse zikaumaliza tsiku limodzi. Bambo anga anati autumize kwa msuweni wawo kumtunda kwa mtsinje, kumene minda ikadalipo. Azakhali anati, "Mbewu yanga siyenda." Apa m'pamene ndinazindikira kuti mfundo sinali mwambo wokha ayi. Panalinso ina, imene anamanga okha zaka makumi anayi zapitazo.

Tsiku la makumi anayi ndi chisanu ndi chinayi chimwalirire a Khoat linafika kumapeto kwa mwezi wachinayi. Tinaphika, tinayatsa zofukiza, tinamasula tinsalu ta pamitengo monga mwa nthawi zonse. Mmawa mwake linali tsiku loyamba la mwezi wachisanu, tsiku loika zipatso kuguwa la kukachisi, ndipo a Phiet anapita kwa azakhali kukapempha mkoko wa nthochi monga achitira zaka zonsezi, chifukwa nthochi za a Khoat n'zazikulu. Azakhali anawapatsa chikwanje kuti adule okha. Kenako anawaperekeza mwaulemu mpaka pa benchi yathu pamene panali anthu.

"Aphunzitsi, nthochizo mukupita nazo kuti?"

"Kukachisi, nanga kuti."

"Mtengo wake unavala nsalu yoyera."

"Unavula dzulo. Mtengo umalira masiku makumi anayi ndi asanu ndi anayi basi. Si mkazi wake."

"Nanga mtsuko ndi mkazi wake?"

Mayi anga anaseka mpaka tiyi kutayikira pa benchi. A Phiet anaima ndi mkoko wawo paphewa, kuyang'ana nthochi, kuyang'ana munda. Ine ndikuganiza kuti mtima wawo unakhala pansi, chifukwa nawonso mbande za m'mathireyi sankazifuna.

"Mtsuko si mkazi wake," anatero pomaliza. "Ukhoza kuvula. Koma manja anu, alamu, ali pomwepo. Simunyika, simufesa, simuzula, simuwokera. Mtsukowo utuluke m'nyumba mwanu ukakhale kwa mfumu ya chaka chino, ndipo zonse achite iyeyo ndi a pabanja pake. Mukavomera, komiti ndikalankhula nayo ine."

"Mfumu ya chaka chino ndani?"

"Tuat."

Kuseka kunathera pomwepo. A Tuat ndi okonza njinga zamoto, galaja yawo ili nyumba zitatu kuchokera pa benchi yathu. Ndi mwana wa a Mao, mayi a kambale aja.

Mbewu imayenera kunyikidwa pofika tsiku lachisanu la mweziwo kuti mbande zikule mu nthawi yake. Tsiku loyamba azakhali sanatuluke. Tsiku lachiwiri anadutsa pa galaja kawiri, nkhope atalozetsa kwina. Tsiku lachitatu anaima pakhomo pake penipeni.

"Iwe mwana wa Mao."

A Tuat anadzuka kuseri kwa njinga, sipanala ili m'manja. "Azakhali. Yafa njinga?"

"Ndilibe njinga. Kasambe m'manja, ndi sopo, kawiri. Ukatenge mtsuko kwathu."

"Mtsuko umene mayi anga anapempha kambale kamodzi?"

"Womwewo."

"Wonse?"

"Ukufuna ndikupatse theka kuti linalo ndidyetse makoswe?"

A Tuat anakanda mutu ndi sipanala. "Ine mpunga ndimaudziwa uli m'mbale, azakhali. Kumunda ndinachoka ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Pondisankha ndimati ndikawokera timbande tisanu, ajambule, basi, ngati mafumu enawo."

"Mafumu enawo anali ndi ine kumbuyo kwawo. Iwe ndiwe mfumu yatsoka, ugwira ntchito."

A Tuat anaika sipanala pansi. "Mayi anga akanakhala moyo, lero akanaseka."

"Akanaseka. Kuseka ankakudziwa." Azakhali anayang'ana pansi pamene panadontha oyilo. "Ndikanawapatsa kambale kaja. Tiye."

Azakhali anamasula okha kansalu ka pamtsuko, n'kubwerera m'mbuyo. A Tuat anaunyamula pachifuwa ngati munthu wonyamula mwana wa eni, ndipo anayenda nawo pang'onopang'ono mumsewu, njinga zikuwaimbira mabelu.

Kuyambira tsiku limenelo azakhali anapeza njira yoimira: manja onse awiri kumbuyo, chimodzi chitagwira chinzake mwamphamvu, kuopa kuti angaiwale n'kugwira mbewu. Ankaima pageti la a Tuat n'kumalamula. Madzi onyikira ndi magawo atatu owira, awiri ozizira. A Tuat anabwera ndi ndowa yotsuka bwinobwino, azakhali n'kuimva fungo ali pageti pomwepo.

"Munali chiyani mmenemo?"

"Oyilo, koma kalekale."

"Ukufuna mpunga wa mafumu uzinunkha njinga? Hoe, m'patse ndowa yako yotungira."

A Hoe ndi akazi awo a Tuat, ndipo mwezi wonsewo sanaleke kuseka. Mbewu itanyikidwa inakulungidwa m'thumba ndi udzu wonyowa. A Hoe ankauza aliyense pa benchi kuti amuna awo akumafungatira thumba kuposa mmene ankachitira ndi ana awo. Mmawa wachitatu a Tuat anatuluka nalo thumbalo mpaka pamsewu, atavala nsapato imodzi. Anatsegula. Mbewu iliyonse inali itatulutsa kadzino koyera. Azakhali anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza, manja ali kumbuyo gwa. "Kafese lero," anatero.

Anafesa pangodya ya munda wa kukachisi, azakhali akuonera ali pa phula. Chotsala chinali kuphunzitsa mfumu kuwokera. M'munda sakanalowa, koma ngalande ya m'mbali mwa msewu si ya mafumu, ndipo udzu wa m'ngalande suli pa mwambo uliwonse. Ndiye madzulo alionse, nthawi imene a kufakitale amaweruka, anthu odutsa ankaona nkhalamba ya nsalu yoyera kumutu ndi bambo wamimba ali m'ngalande mpaka m'mawondo, akubzala udzu.

"Amfumu, mukupita kuti?"

"Kutsogolo."

"Taonani kumbuyo kwanu. Zonse mwabzala mwaziponda. Wowokera amayenda chafutambuyo."

"Mfumu kuyenda chafutambuyo pamaso pa anthu?"

"Makolo ako onse anawoloka minda iyi chafutambuyo, ndipo sanasochere. Bwerera."

Vuto lalikulu linali dzanja. Kuno timawokera chikhatho chikuyang'ana kumwamba, ndi zala zitatu, kuti muzu ungokhala pamwamba pa matope, mbande ipeze mpata wophukira ana. A Tuat ankatembenuza dzanja n'kukanikiza mpaka pamfundo.

"Si bawuti imeneyo. Ingoikhazika ngati ukugoneka mwana."

"Nanga ikayandama?"

"Ikayandama ndiye wawaopa matope. Ikamira ndiye wawakwiyira. Iwe ukuwakwiyira. Anakulakwira chiyani?"

"Akundipweteka msana, azakhali."

"Wangawu ukuuona? Zaka makumi asanu. Iwe masiku anayi."

Achinyamata a panjinga ankakuwa kuti, "Amfumu, ngalande mwagula?" A Tuat ankayankha kuti adzawaona tayala likadzaphwa. Koma sanajombe tsiku ndi limodzi lomwe, ndipo makasitomala ena anatopa kudikira n'kupita ku galaja ina. Sabata yachitatu a Hoe analowa nawo m'ngalande, kenako amayi atatu achikulire amene amawokera chaka chilichonse, ati kudzaona ngati mfumu yawo ili ndi tsogolo.

Kutatsala tsiku limodzi, a Phiet anabwera pa benchi. "Alamu, mawa kubwera alendo a ku boma. Mukhale pano, kunja kwa mbendera, ndipo chonde, phee."

"Ndikhala ngati Khoat," anatero azakhali.

Tsikulo kunatentha kuyambira mmawa. Mbendera zinazungulira munda, ng'oma yamkuwa inatulutsidwa, njati inadutsa kamodzi ndi nkhata ya maluwa kunyanga. A Tuat anatuluka m'kachisi atavala mkanjo wofiira ndi chisoti cha nthenga zazitali, thukuta lili kamukamu. Anapereka zofukiza, anagwada, anatsikira m'matope. Azakhali anali pambali panga, atakhala pa manja awo.

Mbande yoyamba inakhala bwino. Yachiwiri bwino. Itakwana yachisanu, wojambula anakweza chala kuti basi, alendo anayamba kuwomba m'manja, ndipo a Phiet anatambasula dzanja kuti athandize mfumu kukwera pamgula, monga zimakhalira chaka chilichonse. A Tuat sanayang'ane. Anakwinya mkanjo, kuupisa mu lamba, n'kubwerera phazi lina m'mbuyo. Amayi anatsika n'kufola kumbali kwawo.

Koma anthu anali ambiri, ng'oma inali pafupi, ndipo mantha anawabwezera dzanja la ku galaja. Ngakhale ine ndinaona: chikhatho chatembenuka, mbande zikumira mpaka m'khosi, ndipo akutapa zisanu kapena zisanu ndi imodzi malo mwa ziwiri. Choipa n'chakuti mwambo umati onse atsatire dzanja la mfumu, ndiye atsikana a kufakitale amene anali kumapeto kwa mzere anayamba kuchita chimodzimodzi. Zikanapitirira, mbande zikanathera pakati pa munda, ndipo zobzalidwazo zikanabanika.

Azakhali anayamba kugwedezeka pa benchi. Mayi anga anawagwira bondo. Anapirira mzere umodzi wathunthu, ndinawerenga. Kenako anaimirira, zala zakumapazi zili m'mphepete mwenimweni mwa phula.

"Chikhatho kumwamba, mwana wa Mao! Ziwiriziwiri!"

Ng'oma inaleka. Mitu yonse inacheukira kumsewu, kumene kunaima nkhalamba ya nsalu ya maliro. Mmodzi wa komiti ananong'oneza a Phiet mokwiya. A Phiet anayang'ana mapazi a azakhali, anayang'ana mbendera, n'kunena mokweza ngati ali m'kalasi, "Mawu sanaponde munda. Imbani."

Pakati pa matope, mfumu ya nthenga inawerama kuyang'ana kumsewu. "Ndamva, azakhali." Inatembenuza dzanja, inazula zomira zija, n'kuyambiranso mzere. Anthu anaseka, koma kunali kuseka kwabwino. Pofika masana munda wonse unali utadzaza, ndipo panatsala mitolo iwiri ya mbande. Pomaliza a Tuat anaiwala kuti kumbuyo kuli mgula, n'kukhalapo mwadzidzidzi, chisoti n'kugwera m'madzi. Chithunzi chimene chinayenda m'mafoni ndi chimenecho.

Za chimkuzamawu ndinawafunsa a Phiet. Anati dzina la wa pa maliro silitchulidwa pa nkhani za kukachisi, ndipo anapepesa. Nditawauza azakhali kuti zandiwawa, anati, "Chimkuzamawu chimamera?" n'kupitiriza kuyang'ana munda. Tsiku lachinayi mbande zinasiya chikasu n'kuimirira. Zoyandama zinali zochepa, ndipo a Tuat anazibwezeretsa asanatsegule galaja.

Miyezi inayi azakhali anauonera mpungawo ali pamsewu. Mphepo ya mwezi wachisanu ndi chitatu inagwetsa mbali ina, ndipo a Tuat ndi a Hoe anaumanga m'mitolo kuti uimirire, azakhali akuwerengera ali pa phula. Pokolola, a Tuat analowa ndi kampeni ka malemu a Khoat, kamene azakhali anawatumizira. Ngala iliyonse imene asankha ankabwera nayo kumsewu, azakhali n'kugwedeza mutu kapena kupukusa. Zinatenga tsiku lonse. Chakumapeto a Tuat anasiya kubwera nazo, ndipo azakhali sanawaitane.

Mbewu itamwa utsi n'kupunthidwa, a Tuat anafika pageti la azakhali ndi mtsuko wodzaza, phulusa pamwamba, masamba a nthochi kukamwa. "Ndabweza, azakhali. Aphunzitsi akuti ukhoza kugona kwanu, tidzautenganso mwezi wachisanu."

Pakhonde panali timitsuko titatu, timene azakhali ankaikamo ndiwo zowawasa, titatsukidwa n'kuyanikidwa padzuwa.

"Waukuluwo bwerera nawo," anatero. "Koma uyambe wagawa. Kamodzi kwa aphunzitsi, kamodzi kwa mlamu wanga wa tiyiyu, kamodzi kapite kumtunda kwa mtsinje kwa amene ali ndi minda."

"Paja mbewu yanu siyenda," anatero bambo anga, amene anali pomwepo.

"Iwe khala chete. Wamwalira munthu mmodzi, mbewu inatsala pang'ono kupita naye. Tsiku langa likadzafika sindikufuna muzidzakangana za nsalu ya pamtsuko ine ndili m'bokosi. Ikhale m'nyumba zinayi. Nonse simungadzafe chaka chimodzi, ngakhale Tuat ndi mimba yakeyo sindikumudalira."

A Tuat anagawa ndi kambale kakale kobenthuka mlomo, kamene anatulutsa m'thumba la malaya. Azakhali anakayang'ana kambaleko, ndipo anakazindikira kuti ndi ka a Mao kaja.

Kamtsuko kathu kali pashelefu kukhitchini, ndipo mayi anga salola aliyense kukasuntha. Madzulo a tsiku lomwelo a Hoe anaphika mpunga watsopano. Fungo linafika mpaka pa benchi, woyendetsa lole wina n'kuima kufunsa ngati tikugulitsa. A Tuat anadzaza kambale kaja n'kukaika kuguwa la m'nyumba lokumbukira mayi awo, ndipo mbale ina anapita nayo kwa azakhali kuti aike pamaso pa chithunzi cha a Khoat. Zofukiza zitatha, azakhali anaitsitsa mbaleyo, n'kuumba kambamu ndi zala. Kanali koyamba kugwira mpunga wawo chichokereni mwezi wachitatu. Anatafuna pang'onopang'ono, a Tuat ataima pakhomo chipewa chili m'manja.

"Madzi munachulutsa," anatero, ndipo anadya mpaka mbale kuyera.